Makombola a pa cikondwerero m'nyengo ya mavuto: Kodi khonsolo ya Kafue ingalipire kucokera m'thumba liti?

KAFUE – Mwezi wa Okutobala ukayandikira, ndiponso caka cikamapita kumapeto, makhonsolo a m'dziko muno amakumana ndi funso lakuti akonze cikondwerero cotani, ndipo aonongepo ndalama zingati. Cina mwa zinthu zimene zimautsa mtsutso ndi makombola, aja amene anthu a m'matauni amangowachula kuti ma fireworks, omwe amaphulika mumlengalenga n'kuwalitsa thambo kwa mphindi zowerengeka.

Ena amati tsiku la ufulu kapena la caka catsopano limabwera kamodzi pa caka, motero ana ndi akulu omwe ayenera kusangalala. Ena amati n'kulakwa kutentha ndalama za anthu mumlengalenga pamene mifolo ili yotsekeka ndipo zinyalala zaunjikana pa msika.

Kuti munthu aweruze bwino nkhani imeneyi, afunika kudziwa kumene ndalamazo zingacokere. Khonsolo ngati ya Kafue ili ndi matumba akuluakulu atatu. Awiri mwa iwo ali kale ndi nchito zake. Lotsalalo ndilo lovuta kwambiri kudzaza, ndipo ndi lomwelo limene limagula dizilo ya galimoto yotola zinyalala.

Zaka 60 za ufulu zinakwana m'caka ca cilala

Pa 24 Okutobala 2024 dziko la Zambia linakwanitsa zaka 60 lili pa ufulu wodzilamulira. Tsikulo linafika m'caka covuta kwambiri. Pa 29 Febuluwale caka comweco, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimene cinagwa ndi ngozi ya dziko lonse. Iwo ananena kuti maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga, mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anaonongeka.

Madzi atacepa m'nyanja ya Kariba, kampani ya ZESCO inayamba kugawa malaiti mosinthanasinthana. Pofika mu Seputembala 2024 madera ambiri anali kukhala mumdima kufikira maola 21 pa tsiku. Ometa tsitsi, owotcherera zitsulo, a zigayo ndi ogulitsa nyama ndi nsomba za m'mafiriji anavutika koposa. Anthu a ku Kafue anamva kuwawa kumeneku ngakhale kuti malo opangira malaiti a Kafue Gorge Lower, amene anatsegulidwa mu Malichi 2023 ndipo amatha kupanga mamegawati 750, ali pa mtsinje womwewo umene tauni yawo inatengera dzina.

Mitengo ya zinthu nayonso inakwera. Thumba la unga wa breakfast la makilogalamu 25 linapitirira K300, ndipo mu Disembala 2024 kukwera mitengo kwa zinthu kunafika pa 16.7 peresenti. Izi zinacitika dziko litangotuluka mu mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023. Mliriwo unagwira anthu opitirira 20,000 ndi kupha opitirira 700, ambiri a m'cigawo ca Lusaka momwe muli boma la Kafue. Masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale 2024.

Mu 2025 mvula inagwa bwino ndipo alimi anakolola matani a cimanga opitirira 3.6 miliyoni. Komabe mavuto a ndalama a makhonsolo satha ndi dzinja limodzi la mvula yabwino, cifukwa anayamba kalekale cilala cisanagwe.

Ndani amakonza cikondwerero m'boma?

Anthu ambiri akaona cikondwerero pa bwalo amangoti boma lakonza, osasiyanitsa maofesi. M'boma lililonse muli maofesi awiri akuluakulu. Yoyamba ndi ya DC, amene amacita kuikidwa ndipo amaimirira boma lalikulu la ku Lusaka. Iyeyu ndiye amene nthawi zambiri amatsogolera mwambo wa masiku a dziko lonse, monga tsiku la ufulu. Yaciwiri ndi khonsolo, imene ili ndi makhansala osankhidwa ndi anthu m'mawadi, wapampando wa khonsolo, ndi anchito otsogoleredwa ndi mlembi wa khonsolo.

Pa masiku otere khonsolo imatha kupemphedwa kuthandizapo ndi bwalo, kusesa, galimoto ya ozimitsa moto, mafuta kapena ndalama. Ingathenso kukonza mwambo wakewake, monga wolandira caka catsopano, ngati makhansala avomereza.

Palinso makombola amene sakhudza ndalama za anthu onse. Ambiri amene amaoneka usiku wa pa 31 Disembala amaphulitsidwa ndi eni malo ogona alendo, eni masitolo akuluakulu ndi mabanja amene agula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Pa amenewa nchito ya khonsolo ndi apolisi ndi kuona kuti sakuvulaza anthu kapena kutentha nyumba. Mtsutso wa ndalama umayamba pamene wolipira ndi khonsolo yeniyeniyo.

N'cifukwa ciani makombola ndi odula?

Mkati mwa kombola muli onga wopangidwa ndi makala, sulufule ndi mcere wa potassium nitrate. Onga umenewu ndi umene umalikankhira kumwamba ndi kuliphulitsa. Mitundu imene imaoneka imacokera ku micere ya zitsulo zosiyanasiyana. Strontium imapereka mtundu wofiira, barium wobiriwira, sodium wacikasu, pamene mkuwa, womwe ndi cuma ca dziko lino, umapereka mtundu wa buluu.

Tauni ya Kafue si yacilendo ku mankhwala ophulika. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970, inamangidwa kuti izipanga feteleza ndiponso ammonium nitrate wogwiritsa nchito pophwanya miyala m'migodi. Koma makombola a cikondwerero ndi malonda ena. Ambiri amene amagulitsidwa padziko lonse amapangidwa ku China, makamaka mumzinda wa Liuyang, ndipo kuti afike kuno amagulidwa ndi madola. Kumapeto kwa 2021 dola imodzi inali kugulidwa ndi ndalama zosakwana K17, koma pofika kumapeto kwa 2024 inapitirira K27. Zotere zitanthauza kuti katundu yemweyo anakwera mtengo kwambiri panthawi imene anthu anali kusowa ca kudya.

Mtengo wake suthera pa makombolawo. Cionetsero ca anthu ambiri cimafuna akatswiri odziwa kuphulitsa, apolisi oyang'anira khamu, ambulansi, ndi ozimitsa moto okhala cire. Mwezi wa Okutobala ndi wotentha ndi wouma, udzu ndi madenga a maudzu sizicedwa kugwira moto. Mmawa mwake pamafunikanso anthu osesa bwalo. Zambiri mwa nchito zimenezi zimagwera khonsolo, ngakhale pamene makombolawo agulidwa ndi munthu wina.

Thumba loyamba: CDF

Thumba lodziwika kwambiri ndi la Constituency Development Fund, limene anthu amangoti CDF. Mpaka mu 2021 dera lililonse la membala wa nyumba ya malamulo linali kupatsidwa K1.6 miliyoni pa caka. Mu 2022 ndalamazi zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 pa K28.3 miliyoni, mu 2024 pa K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 pa K36.1 miliyoni. Ndalamazi zimadutsira ku khonsolo, n'cifukwa cake anthu ambiri amaganiza kuti makhonsolo analemera.

Koma khonsolo siingagwiritse nchito CDF mmene ifunira. Malinga ndi malangizo a mu 2022, akacotsapo 5 peresenti ya kayendetsedwe ka nchito, 60 peresenti ya zotsalazo ndi ya zitukuko za m'midzi ndi m'makomboni, monga zipinda zophunziriramo, madesiki, zipatala zing'onozing'ono, milatho ndi zitsime. 20 peresenti ndi yolipirira ana a sukulu za sekondale zogonera komweko ndi ophunzira nchito za manja, ndipo 20 peresenti ina ndi ya ngongole ndi thandizo kwa acinyamata, amai ndi magulu a m'madera. Citukuko ciliconse ciyenera kucokera kwa anthu a m'wadi ndi kuvomerezedwa ndi makomiti oikidwa ndi lamulo. Makombola alibe malo pa mndandanda umenewu.

Thumba laciwiri: thandizo la boma lalikulu

Thumba laciwiri ndi la Local Government Equalisation Fund, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2014 ndi kuyamba kugwira nchito mu 2015. Izi ndi ndalama zimene boma lalikulu limatumiza ku makhonsolo kuti athe kuyendetsa nchito zawo. Mu bajeti ya dziko ya 2024 thumbali linapatsidwa pafupifupi K1.4 biliyoni yogawana makhonsolo onse 116, pamene CDF inapatsidwa pafupifupi K4.8 biliyoni.

Lamulo limati khonsolo iyenera kuika 20 peresenti kapena kuposerapo ya ndalama zimenezi pa zinthu zokhalitsa, monga nyumba, misika ndi makina. Zotsalazo m'makhonsolo ambiri zimathera ku malipiro a anchito. Malipoti a mkulu wofufuza za kagwiritsidwe nchito ka ndalama za boma, Auditor General, akhala akuonetsa caka ndi caka kuti makhonsolo ambiri ali ndi nkhongole ku ZRA, ku NAPSA, ku thumba la penshoni la anchito a makhonsolo la LASF, ndi kwa anthu amene anapuma pa nchito koma sanalandire zawo. Khonsolo imene ili ndi nkhongole zotere ikacotsa ndalama m'thumba ili kupita nazo ku cisangalalo, ndiye kuti wina amene akudikira malipiro ake adikirabe.

Thumba lacitatu: zimene khonsolo imatolera yokha

Thumba lotsala ndi la ndalama zimene khonsolo imasonkhetsa m'dera lake. Muli msonkho wa nyumba ndi malo, umene ambiri amauchula kuti mareti, malaisensi a mabizinesi, ndalama za m'misika ndi pa masiteshoni a basi, malipiro a mapulani a nyumba ndi a mapuloti, ndi levi imene imadulidwa pa malipiro a munthu wa pa nchito. Pa ndalama zimenezi ndi pamene makhansala ali ndi ufulu waukulu wosankha cocita nazo. Ngati khonsolo yaganiza zogula makombola, kwenikweni ndalama zake zicokera muno.

Mbiri ya Kafue imaonetsa cifukwa cake thumba limeneli ndi lovuta kudzaza. Tauniyi, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, inakula cifukwa ca mafakitale a boma amene anamangidwa dziko litangolandira ufulu. Nitrogen Chemicals of Zambia ndi fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles of Zambia zinalemba anthu masauzande, ndipo nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwa kuti anchitowo azikhalamo. Pamene mafakitalewa anali pa mphamvu, panali malipiro a mwezi ndi mwezi, masitolo anali kugulitsa, ndipo msonkho unali kulowa.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene anali kukhalamo. Mabanja anapeza nyumba zawozawo, koma makhonsolo m'dziko lonse anataya ndalama za lendi. Nchito ya madzi nayo inacoka m'manja mwa makhonsolo kupita ku makampani apadera, ndipo lero madzi a ku Kafue amayendetsedwa ndi Lusaka Water Supply and Sanitation Company. Fakitale ya nsalu inafooka mpaka kuleka nchito m'zaka za m'ma 2000, ndipo anchito ake ndi a fakitale ya feteleza anakhala zaka zambiri akudandaulira ndalama zawo. Kubwera kwa fakitale ya zitsulo ya Kafue Steel ndi makampani ena kunabweretsako nchito, koma anthu nawonso anaculuka. Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 200,000 m'boma la Kafue.

Anthu onsewa amayang'ana kwa khonsolo imodzi. Wokhala ku Zambia Compound, ku Shikoswe kapena ku Soloboni afuna kuti zinyalala zicotsedwe ndi mifolo itsegulidwe mvula isanayambe. Msodzi wa ku Chanyanya afuna msewu wopitika ndi zimbudzi pa doko. Wa ku Chiawa, kutali ndi tauni, naye ali m'boma lomweli. Kutola zinyalala, kuyang'anira ukhondo wa m'misika, kuzimitsa moto ndi kusamalira manda ndi nchito zimene lamulo linapatsa khonsolo. CDF ingathe kugula galimoto kapena kumanga msika, koma dizilo ya tsiku ndi tsiku ndi malipiro a osesa zimadalira kwambiri ndalama zimene khonsolo yatolera.

Masamu ake ndi otani?

Levi ya munthu wa pa nchito yakhala kwa zaka zambiri yosapitirira K15 pa caka. Mwacitsanzo, ngati khonsolo itaika K60,000 pa cionetsero ca makombola, ndalama zimenezo zilingana ndi levi ya caka cathunthu ya anchito 4,000. Pa pulogalamu ya Cash for Work, imene boma linayambitsa mu 2024 kudzera m'makhonsolo pofuna kuthandiza okhudzidwa ndi cilala, munthu anali kulandira K600 akagwira nchito masiku 10. Ndalama zomwezo za K60,000 zikanalipira anthu 100 kuti atsegule mifolo ndi kusesa misika.

Poyerekeza ndi bajeti yonse ya khonsolo, K60,000 ndi yocepa, ndipo siingamange msewu kapena kuthetsa nkhongole za penshoni. Ici ndi cimene amene amakonda zikondwerero amanena, ndipo masamu awo ndi oona. Koma khonsolo imadalira anthu kuti alipire msonkho mwa kufuna kwawo, pakuti ilibe anchito okwanira kuthamangitsa mwini nyumba aliyense. Mai wogulitsa kapenta pa msika amene amalipira tikiti tsiku lililonse, akaona makombola a khonsolo kumwamba pamene mulu wa zinyalala uli pafupi ndi thebulo lake, mawa lake amalipira monyinyirika. Anthu akaleka kukhulupirira kuti msonkho wawo ukugwira nchito, khonsolo imataya ndalama zoposa zimene inaononga usiku umodziwo.

Zimene ena anacita m'maiko ena

Zambia si dziko lokha limene lakumana ndi funsoli. Ku Tanzania, mtsogoleri wa dzikolo a John Magufuli anathetsa cikondwerero ca ufulu ca pa 9 Disembala 2015 cifukwa ca mliri wa kolera. M'malo mwake analamula anthu kuti tsikulo asese m'misewu ndi m'misika, ndipo iwo eni anaoneka akutola zinyalala mumzinda wa Dar es Salaam. Ndalama zokwana mashilingi 4 biliyoni zimene zinakonzedwera mwambowo anazitumiza kukakulitsa msewu wa pakati pa Morocco ndi Mwenge mumzinda womwewo. Anthu anatha kuloza msewuwo ndi cala n'kunena kuti ndalama za cikondwerero zinapita apa.

Ku Ghana, a John Mahama anacititsa mwambo wa ufulu wa pa 6 Malichi 2025 pa bwalo la nyumba ya boma ya Jubilee House m'malo mwa bwalo lalikulu, pofuna kucepetsa ndalama zoonongeka. Mwambowo unacitika ndithu, koma mocepa.

Makhonsolo nawonso anacitapo zotere. Mu 2009, cuma ca padziko lonse citagwedezeka, matauni angapo a ku America analeka kuphulitsa makombola pa tsiku lawo la ufulu la pa 4 Julayi. Khonsolo ya Montebello m'cigawo ca California inatenga madola pafupifupi 40,000 a makombola n'kuwapereka ku malo ogawira cakudya anthu osowa.

Mzinda wa Sydney ku Australia unasankha njira ina. Kumapeto kwa 2019, moto wolusa ukutentha nkhalango ndi nyumba m'dzikolo, anthu opitirira 250,000 anasaina kalata yopempha kuti makombola a caka catsopano alekedwe ndipo ndalama zake zithandize ozimitsa moto ndi alimi. Khonsolo ya mzindawo, motsogoleredwa ndi meya Clover Moore, inakana. Inafotokoza kuti mwambowo, wa madola a ku Australia pafupifupi 6.5 miliyoni, umabweretsa madola 130 miliyoni m'cuma ca kumeneko kudzera mwa alendo, ndiponso kuti ndalama zambiri zinali zitalipidwa kale popeza kukonzekera kunayamba miyezi yambiri m'mbuyo.

Nkhani ya ku Sydney ili ndi maphunziro awiri. Loyamba n'lakuti makombola angathe kubweza ndalama kumene kuli alendo ambiri ogona m'mahotela ndi kudya m'malesitilanti. Laciwiri n'lakuti kudandaula kutatsala masiku ocepa sikusintha kanthu, cifukwa mapangano amakhala atasainidwa kale. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Kodi Kafue ingapindule ndi cionetsero?

Kafue ili pa msewu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chirundu ndi ku Livingstone, ndipo m'mbali mwa mtsinje muli malo ocezera ndi ogona amene anthu a ku Lusaka amapitako kumapeto kwa sabata. Cionetsero ca pa mtsinje cingathe kukopa anthu otere. Funso limene makhansala afunika kuyankha n'lakuti phindulo lipita kwa yani. Popeza Lusaka ili pafupi, alendo ambiri angathe kuonerera ndi kubwerera kwawo usiku womwewo. Amene angapindule kwambiri ndi eni malo ocezera ndi ogulitsa zakumwa. Ngati zili tero, n'koyenera kuti iwowo ndiwo alipire mbali yaikulu, khonsolo n'kungothandiza ndi citetezo ndi ukhondo.

Cikondwerero cili ndi phindu linanso losawerengeka ndi ndalama. Mwana wa m'komboni amene makolo ake sangakwanitse kum'tengera ku malo olipiritsa amaonerera mwambo wa pa bwalo kwaulere. Tsiku la ufulu limakumbutsa acinyamata za usiku wa pa 23 kucera pa 24 Okutobala 1964, pamene mbendera ya Britain inatsitsidwa pa Independence Stadium mu Lusaka ndipo ya Zambia inakwezedwa. Koma cikumbutso cotere cimatheka ndi zinthu za konkuno: magule a cikhalidwe, makwaya a m'machalichi, masewera a ana a sukulu, mpira wa pakati pa mawadi, ndi mpikisano wa mabwato pa mtsinje. Ndalama yolipira ovina, oimba ndi ophika imatsala m'tauni momwemo n'kuzungulira m'misika, pamene ya makombola mbali yake yaikulu imatuluka kunja kwa dziko.

Thandizo la makampani nalo lifuna kusamala

Njira imene makhonsolo ndi maofesi a ma DC amakonda ndi yopempha makampani kuti athandize. Njirayi imapulumutsa msonkho wa anthu, koma ili ndi msampha wake. Kampani imene ikupereka mphatso lero ndi yomweyo imene mawa idzafuna laisensi, puloti, kapena kukhululukidwa mareti kucokera ku khonsolo yomweyo. N'cifukwa cake thandizo lililonse liyenera kulembedwa m'mabuku a khonsolo, kupatsidwa lisiti, ndi kulengezedwa poyera kuti wapereka ndani ndipo wapereka zingati.

Anthu a ku Kafue akudziwa kuti khonsolo ili ndi oiyang'anira. Mu 2022 nduna ya maboma aang'ono ndi citukuko ca m'midzi ya panthawiyo, a Gary Nkombo, inaimitsa khonsolo ya Kafue kwa masiku 90 pa nkhani ya kagawidwe ka malo. Mu 2020 makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe anaimitsidwanso pa nkhani yofananayo. Nkhanizi sizinali za zikondwerero, koma zimaonetsa kuti lamulo limapatsa nduna mphamvu yolowererapo ngati zinthu za anthu onse sizikuyenda bwino.

Kodi munthu wamba angacitepo ciani?

Caka ca ndalama ca khonsolo cimayamba mu Januwale ndi kutha mu Disembala. Bajeti ya caka cotsatira imakonzedwa m'miyezi yomaliza ya caka, makhansala onse amaikambirana ndi kuivomereza, kenaka imatumizidwa kwa nduna kuti nayo ivomereze. Ndalama za zikondwerero za caka camawa zimalembedwa panthawi imeneyo. Wofuna kuti mawu ake amveke ayenera kulankhula pamenepo.

Khomo loyamba ndi komiti ya citukuko ya m'wadi, Ward Development Committee, imene lamulo la maboma aang'ono la mu 2019 linakhazikitsa kuti izitenga maganizo a anthu kupita nawo ku khonsolo. Khomo laciwiri ndi khansala wa wadi, amene ali ndi voti pa bajeti. Kuyambira mu 2016 wapampando wa khonsolo nayenso amasankhidwa mwacindunji ndi anthu a m'boma lonse, motero ayenera kuyankha kwa iwo. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka, munthu aliyense angathe kukakhala ndi kumvetsera, ndipo bajeti yovomerezedwa si cinsinsi.

Palinso malamulo ena amene amathandiza. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la mu 2020 limafuna kuti ogulitsa apikisane mitengo ndi kuti zonse zilembedwe. Lamulo la kayendetsedwe ka ndalama za boma la mu 2018 limalola kuti wanchito amene waononga ndalama mosatsata njira alipitsidwe kucokera m'thumba mwake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma, limene linasainidwa mu Disembala 2023, limalola nzika kulemba kalata yopempha zikalata zoonetsa mmene ndalama zinayendera.

Mafunso ofunika kufunsa ndi osavuta. Kodi ndalama za cikondwerero zinalembedwa m'bajeti, kapena zacotsedwa pa nchito ina? Kodi zicokera m'thumba liti? Kodi anchito a khonsolo alandira malipiro awo onse, ndipo ndalama za penshoni zaperekedwa? Kodi galimoto ya zinyalala ndi ya ozimitsa moto zili ndi mafuta okwanira nyengo ya mvula? Kodi wogulitsa anasankhidwa motani, nanga makampani apereka zingati?

Khonsolo imene ingayankhe mafunso amenewa poyera, ndi manambala, ingathe kukonza cikondwerero cake popanda kukayikiridwa, kaya pakhale makombola kapena ayi. Imene yasankha kuwaleka ifunikanso kuuza anthu kumene ndalamazo zapita, monga mmene anacitira ku Dar es Salaam ndi ku Montebello, kuti wokhala ku Shikoswe kapena ku Chanyanya akathe kuona ndi maso ake mfolo umene watsegulidwa kapena cimbudzi cimene camangidwa.